Tsiku Limene Ndinapha Galu wa Mlenje ku France

Nkhani iyi ndikamaifotokoza ena amaseka, amati ndathiramo mchere wambiri, koma anzanga ine ndilibe chifukwa chonamizira munthu, ndipo amene akukayika abwere kwathu ndidzamuvulire mano apatsogolowa aone yekha kuti ndi oikirira. Mano anga enieni anatsala m'nkhalango ina ku France, ndipo amene anandigulula si nyama ayi, ndi munthu. Mayina sinditchula chifukwa anthu ake alipo, ena timapemphera nawo limodzi.

Zinachitika zaka zija mafoni asanayambe kulozera anthu njira. Nthawi imeneyo ndinkakhala ku Woolwich, ntchito ndinkagwira ku Lewisham panyumba ina yosamalira okalamba, kuwasambitsa, kuwadyetsa, kuwanyamula, basi moyo wake unali womwewo, shifiti ndi tulo. Mlongo wanga, yemwe ndi nesi, ankakhala ku Barking ndi amuna ake, alamu angawo, munthu wa ku Chipata ku Zambia, woyendetsa mabasi ofiira aja. Alamu anga anali munthu wathupi, wanthabwala, wokonda nyama yowotcha, ndiye dokotala atawaopseza za kuthamanga kwa magazi anakagula njinga. Mukudziwa mmene munthu amachitira akapeza chinthu chatsopano atakula kale? Nkhani zawo zonse zinasanduka za njinga. Posakhalitsa anayamba kundinyengerera kuti tikatenge holide limodzi, tikapalase ku France m'mbali mwa mtsinje wina wotchedwa Loire, poti mnzawo wa kuntchito anawauza kuti kumeneko kulibe zitunda.

Ine poyamba ndinaseka mpaka misozi. Ndinawauza kuti alamu, ine ndinakulira ku Ntcheu, ndakhala ndikukwera zitunda za ku Tsangano ndi matumba a kachewere pakeliyala, ndipo tsiku limene ndinakwera ndege ndinalumbira kuti chishalo cha njinga sichidzandionanso. Kwathu munthu amapalasa chifukwa chosowa, ndiye ine ndilipire viza kuti ndikavutike dala? Koma chaka chimenecho ndinali nditatopa kwambiri, nkhalamba ziwiri zimene ndinazolowerana nazo zinamwalira motsatizana, ndipo mtima unkafuna kuona china chosakhala makoma. Ndinavomera. Mlongo wanga anali woyembekezera, mimba itakula ndithu, ndipo potitsanzika anangondiuza kuti achimwene, munthu wangayu mukabwere naye monga mwamutengera.

Tinanyamuka masamba atayamba kufiira, sitima yapamtunda, kenako yapamadzi, kenako yapamtunda inanso, njinga zathu zili ndi zikwama uku ndi uku, tenti pakeliyala. Ndisabise, dziko lija ndi lokongola. Mtsinjewo ndi wotakata, wodekha, uli ndi zilumba zamchenga pakati, ndipo m'mbali mwake minda ya mphesa imangopitirira mpaka maso kutopa. Matauni ake ndi akalekale, misewu yoyala miyala yogwedeza mano, matchalitchi akuda ndi ukalamba, ndi zinyumba zachifumu zokhala pamwamba pa matanthwe ngati zikulondera madziwo. Kufupi ndi Saumur tinaona anthu okhala m'nyumba zosema m'thanthwe loyera, chitseko ndi mawindo bwinobwino, utsi ukutulukira pakapinga pamwamba, alamu anga n'kumati awa ndiye athana ndi lendi. Chifalansa sitinkadziwa, kupatula moni ndi zikomo, moti buledi ndi tchizi tinkagula cholozaloza. Masana mashopu onse ankatseka, tauni yonse zii ngati kwagwa maliro, ife n'kumakhala pamlatho miyendo lendelende tikudya mapeyala. Ndinayamba kuvomereza mumtima kuti munthu uja sananame.

Linali Lamulungu m'mawa pamene tinachoka m'tauni ya Chinon. Mapu athu apepala ankaonetsa kamsewu kafumbi kodutsa m'nkhalango, kachidule, kokatulukira kuchigwa china. Polowera m'nkhalangomo tinapeza magalimoto angapo ataimikidwa m'mbali, ena ali ndi zikhola zopanda kanthu kumbuyo, ndipo pakati pa njira panali kachikwangwani koimika pansi kolembedwa Chifalansa ndi zilembo zofiira. Chapatali tinaona munthu atavala jekete lowala ngati lija amavala okonza misewu ku London. Tonse awiri tinagwirizana kuti akukonza msewu, ndipo njinga simalephera kudutsa pamene akukonza msewu. Inuyo mukanaganiza chiyani? Tinazungulira kachikwangwaniko n'kulowa.

M'nkhalangomo munali mozizira bwino, fungo la masamba onyowa, alamu anga ali patsogolo akuimba nyimbo ya kutchalitchi kwawo mopotoza mawu dala. Titapita ndithu tinamva lipenga likulira chakumanzere, kenako timabelu tambiri ngati ta mbuzi, ndiye kuuwa kwa agalu. Ndinawafunsa alamu kuti kodi m'tchire muno mukhalanso mbuzi, iwo asanayankhe mfuti inalira, kenako inanso pafupi kwambiri moti ndinaimva m'mimba. Alamu anatembenuka kuti andiuze kanthu, ndipo nthawi yomweyo tchire la kumanzere linang'ambika.

Nguluwe za kwathu ndimazidziwa, tinkazithamangitsa m'minda ya chimanga, koma chimene chinatuluka pamenepo chinali china. Chinali chakuda, chaubweya ngati tsache, msinkhu wofika m'chiuno mwanga, ndipo chinali chitawomberedwa kale, m'nthiti mukutuluka magazi, kukamwa thovu lofiira. Sichinaime kuti chione. Chinagunda tayala lakutsogolo la alamu anga, njinga inauluka, iwo n'kugwa chagada m'mphepete mwa ngalande, mwendo umodzi utakola m'felemu. Ndinkayesa kuti chipitirira ulendo wake, koma chinatembenuka pomwepo, n'kuweramitsa mutu, n'kuwakokota ndi mano ake okhota aja kuyambira pabondo kukwera m'ntchafu. Phokoso lake linali ngati munthu akung'amba chiguduli chonyowa. Alamu anga sanakuwe, anangotulutsa mpweya ngati wamenyedwa pamtima, ndipo kabudula wawo yense anada nthawi imodzi.

Mmene ndinatsikira panjinga sindikumbuka. Chimene ndikukumbuka n'chakuti ndinainyamula yonse ndi zikwama zake n'kuchiponyera chinyamacho pamsana. Mwendo wake unalowa m'masipoko, chinalimbana nayo njingayo, kuipinda ngati waya, ndipo pamene chinkati chitembenukire kwa ine agalu anafika. Anali ambiri, aatali makutu, aliyense ndi kabelu m'khosi, ndipo nkhondo yonse inachitikira pamwamba pa alamu anga. Galu wina anaponyedwa m'mwamba mimba itatseguka, matumbo akulendewera, n'kugwa akulira ngati mwana. Ena anachigwira makutu, ena miyendo yakumbuyo, fumbi, magazi, mabelu, fungo lonunkha ngati khola losasesa. Kenako chinyamacho chinadzikoka n'kugwera kutsidya kwa ngalande, agalu n'kuchitsatira.

Onse anapita kupatula mmodzi. Chigalu china chachikulu, chotuwa, cha diso limodzi, chinatsala chitaluma mkono wa alamu anga pamwamba pa chigongono, chikugwedeza mutu uku ndi uku monga amachitira galu akagwira nyama. Panopa ndimamvetsa kuti munthuyo anali atanyowa ndi magazi a nguluwe, ndiye galuyo m'kupenga kwakeko sanasiyanitse. Koma nthawi imeneyo ndani akanaganiza zimenezo? Ndinamukalipira, ndinamumenya chibakera, ndinamukoka mchira, osasiya. Pansi panali tcheni chathu chokhomera njinga, chija cholemera chokhala ndi loko wamkulu kumapeto, chitagwa m'chikwama. Ndinachitola n'kumumenya nacho pamutu. Kachiwiri anasiya mkono, koma dzanja langa silinasiye, linangopitiriza lokha mpaka mutu wa galuyo unaphwanyika ndipo miyendo inasiya kuphiriphitha. Alamu anga nthawi imeneyo anali atatsetserekera m'ngalande, m'maudzu aatali.

Nditadzutsa mutu ndinaona munthu akubwera chothamanga m'njira muja, bambo wachikulire, wamtali, wandevu zaimvi, jekete lowala lija, mfuti m'manja. Mtima wanga unati thandizo lafika, ndinayamba kumuyandikira ndikukweza manja, osazindikira kuti tcheni chija ndidakachigwira, chikudontha. Iye sanayang'ane ine, anayang'ana galu. Anatulutsa mawu amene sindinamvepo mwamuna akutulutsa, kenako anatembenuza mfutiyo n'kundisinja nayo pakamwa ndi kuthabwa kwake kuja. Ndinaona kuwala, ndinapezeka ndili pansi, m'kamwa mwadzaza timiyala, ndipo polavula ndinaona kuti si timiyala. Anandiponda m'nthiti ndi jombo, kawiri kapena katatu, ndinamva china chikuthyoka mkati, kenako anandiika kamwa ya mfuti pachifuwa, apa pamene pamathera fupa. Inali yotentha, poti inali itangolira kumene.

Anzanga, ndagwira ntchito pakati pa anthu omwalira, ndatseka maso a anthu ambiri, koma imfa yako ikakuyang'ana ndi nkhani ina. Munthuyo ankakuwa Chifalansa, malovu akundigwera kumaso, chala chili pomwe chimakhala powomba mfuti, ndipo m'maso mwake munalibe munthu woti n'kukambirana naye. Chingerezi chonse chimene ndinkalankhula tsiku ndi tsiku ku Lewisham chinandithawa. Ndinkangoloza kungalande n'kumanena m'Chichewa, ndi m'kamwa mophwanyikamo, kuti kuli munthu uko, kuli munthu uko, koma iye ankaona ngati ndikumuchonderera chabe. Ndinaganiza za mlongo wanga, kuti adzalandira mitembo iwiri tsiku limodzi ali ndi pakati.

Ndiye kuchokera m'maudzu muja munatuluka mawu, otsika, ngati a munthu amene akulankhula kutulo.

"Mulamu, nikufa ine. Osanisiya."

Bambo uja anatembenuka. Anapita pang'onopang'ono m'mphepete mwa ngalande, mfuti idakali m'manja, n'kusuzumira. Ndinaona msana wake ukusintha, mapewa akugwa. Anaponya mfuti paudzu, n'kudumphira m'ngalandemo, ndipo mmene ine ndinkafika chokwawa ndinamupeza atagwada, chibakera chake chonse atachikanikiza m'ntchafu mwa alamu anga pamene magazi ankatumphukira ngati paipi yobooka. Anandiyang'ana, n'kuloza mwendowo ndi chibwano, n'kunena mawu amodzi mobwerezabwereza. Sindinawamve koma ndinadziwa chimene ankafuna. Ndinakwawira kuchikwama, ndinatulutsa chubu chapadera chimene tinatenga kuti tayala likaphulika tisinthe, ndinachikulunga kumtunda kwa bala, ndinalowetsa pampu pamfundo n'kuyamba kupotokola. Alamu anga apo ndiye anakuwa. Magazi a m'kamwa mwanga ankagwera pamanja a bambo uja, iye osasuntha, mitu yathu itagundana ngati anthu ogwirizana kuyambira kale, chonsecho nthiti zanga zikubaya ndi jombo yake. Kutsidya kwa ngalande alenje ena anali atafika, ndipo nguluwe ija ankaimaliza ndi chimpeni, ikulira mokweza ngati munthu.

Mafoni m'nkhalangomo sankagwira. Alenjewo anabweretsa imodzi mwa magalimoto aja, tinawagoneka alamu anga kumbuyo paudzu wouma pamene pamakwera agalu, ndipo mlenje wina, posadziwa chochita, ananyamulanso galu wakufa uja n'kumuika pambali pathu. Ulendo umenewo sindidzauiwala. Galimoto ikudumpha m'mabampu, ine ndagwira pampu kuti chubu chisamasuke, ndikuwalankhulitsa alamu anga za mwana amene akubwera kuti asagone, milomo yawo itatuwa ngati phulusa. Bambo uja manja ake onse anali pabala, sanawachotse ngakhale kamodzi, koma nkhope anali atatembenuzira kwa galu wake, misozi ikutsikira m'ndevu, osatha kuipukuta. Titatulukira pamsewu wa tala foni inagwira, ndipo ambulansi inatipeza pamudzi wina wamiyala, anthu akutuluka m'tchalitchi atavala bwino, ataima n'kumationerera.

Kuchipatala alamu anga anawalowetsa kuchipinda cha opaleshoni, ine anandisoka milomo n'kundimanga nthiti. Chovuta kuposa zonsezo chinali kuimbira mlongo wanga. Mawu anga sankamveka bwino chifukwa cha kutupa, ndiye ankangofunsa kuti ndani, ndani, kenako atandizindikira anafunsa funso limodzi lokha, ngati amuna ake ali moyo. Ndinati ali moyo. Anafunsa ngati mwendo ulipo, poti ndi nesi, amadziwa. Ndinati madokotala akuyesetsa. Anadula foni.

Mawa lake kunabwera apolisi ndi mayi wina womasulira. Ndi mayiyo amene anandiuza kuti kachikwangwani kaja kankanena kuti m'nkhalangomo muli uzimba, anthu asalowe, ndipo kuti nyengo imeneyo, makamaka Loweruka ndi Lamulungu, alenje amasaka nguluwe m'nkhalango zambiri za kumeneko, mwana aliyense amadziwa. Apolisiwo anati alenje enawo anafotokoza zimene mnzawo anandichita, ndipo anandifunsa ngati ndikufuna kumusumira. Ndinati ndiganize kaye. Kunena zoona mtima wanga unkafuna kuti akamutsekere, chifukwa ndikatseka maso ndinkamvabe kutentha kwa mfuti ija pachifuwa.

Alamu anga atatsitsimuka, dokotala anatiuza kuti mtsempha waukulu unali utang'ambika, ndipo chikhala kuti panalibe munthu wokanikiza mwamphamvu chotero njira yonse, sakanafika. Tsiku lomwelo madzulo bambo uja anabwera, atavala malaya abwino, chipewa chili m'manja, limodzi ndi mwana wake wamkazi wodziwa Chingerezi pang'ono. Popanda jekete ndi mfuti anali nkhalamba chabe, yofanana ndi zimene ndinkazisambitsa ku Lewisham. Mwana wakeyo anati galu uja bambo ake anamulera kuyambira ali kamwana, diso analitaya powateteza kwa nguluwe ina, ndipo chimwalirireni akazi awo galuyo ndi amene ankagona nawo m'chipinda. Anati bambo ake akuti atafika pamalopo sanaone njinga, sanaone ngalande, anangoona galu ndi tcheni. Bamboyo anayang'ana pakamwa panga nthawi yaitali, kenako ananena mawu ochepa, mwana wake n'kumasulira.

"Akuti chala chawo chinali chitayamba kale kukoka."

Sanapepese mwa mawu ena, ndipo ine sindinapepese za galu. Alamu anga anali mtulo pakati pathu. Pochoka anandipatsa dzanja, ndinalilandira, ndipo ndinaona kuti m'zikhadabo zake munali mudakali zakuda. Apolisi atabweranso ndinawauza kuti bambo uja sindimusumira.

Mlongo wanga zimenezi sanazimvetse. Titabwerera ku London, alamu ali pa ndodo ziwiri, anandiuza kuti ndine wopusa, munthu wofuna kundipha ngati nyama ndamusiya bwanji, ndipo kodi akanakhala mzungu mnzake akanamuika mfuti pachifuwa asanafunse? Mwina ankanena zoona. Anakhala miyezi osandilankhula bwino, ngakhale ulendowo sindinauyambitse ine, mpaka mwana atabadwa ndi pamene anandiitana kuti ndikamunyamule. Alamu anga mwendo unapulumuka koma amatsimphina, mabasi anasiya, anawapatsa ntchito ya muofesi kudepoti. Ine ndinabwerera kwa okalamba anga, koma kwa nthawi yaitali galu akandidutsa m'paki ku Woolwich, ndinkapatuka n'kudzera njira ina.

Anthu akamva nkhaniyi amafuna ndinene kuti woipa anali ndani, nguluwe, galu kapena mlenje. Nguluwe inali ndi chipolopolo m'nthiti, galu ankagwira ntchito imene anamuphunzitsa. Chimene ine ndimakhulupirira tsopano n'chakuti mwa munthu aliyense muli chinthu china chimene chimagona, chimadzuka tsiku limene waona chako chokondedwa chili m'magazi, ndipo chikadzuka sichifunsa mafunso. Chinadzuka mwa ine ndili ndi tcheni, chinadzuka mwa bambo uja ali ndi mfuti, m'kanthawi kamodzi, pamalo amodzi, ndipo ndikuganiza kuti tonse awiri tinali anthu ofatsa, osamenya ndi mwana yemwe. Ndimakhulupiriranso kuti ndi Mulungu amene anatsegula pakamwa pa alamu anga m'ngalande muja, chifukwa munthu wotaya magazi otero sakhala ndi mphamvu yoitana.

Ndiye inu amene mukufuna kukapalasa kumaiko a eni, pitani, n'kokongola ndithu, koma chikwangwani chimene simukuchimva musachizungulire, imani mpaka apezeke wokuuzani, ndipo mukamva lipenga ndi mabelu a agalu m'tchire, tembenuzani njinga pomwepo. Koma chenjezo langa lalikulu ndi ili, ndipo likukhudza ngakhale inu amene simudzakwerapo njinga. Tsiku limene mudzapeze munthu ataimirira pa chinthu chanu, manja ake ali magazi, mtima ukukuuzani kuti menya, yambani mwasuzumira kumbuyo kwake. Mwina m'ngalande muli munthu.